Mwana amawerenga koma mafunso a nkhani akumugwetsa: kupeza pamene pakuvuta

Aliyense amene amathandiza ana a Sitandade 8 kapena a Fomu 4 muno mu Blantyre analimvapo dandaulo ili. Kholo limabwera ndi pepala la mock m'manja n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mwanayu amawerenga ndithu, usiku ndimamuona ali pa mabuku. Nanga bwanji pa comprehension pokhapa amagwa chagada?" Ukaliyang'ana pepalalo umapeza kuti mwana wayankha mafunso onse, zilembo zake n'zooneka bwino, mizere yadzaza, koma wochonga wangodutsamo ndi mitanda yofiira kuchokera pamwamba mpaka pansi.

Nkhaniyi si yoitenga mopepuka. Pa mayeso a MSCE amene bungwe la MANEB limalembetsa, Chingerezi ndi phunziro limene munthu ayenera kukhoza kuti alandire satifiketi. Mwana akhoza kupeza 2 pa Biology ndi 3 pa masamu, koma akapeza 9 pa Chingerezi, satifiketi palibe. Komanso vutoli silithera pa Chingerezi chokha. Funso la Geography kapena la Agriculture nalonso limafuna kuti ulimvetse usanaliyankhe, ndipo ana ambiri amene timati sadziwa sayansi, chenicheni n'chakuti sanamve zimene afunsidwa.

Mankhwala amene ambiri timathamangira ndi kumugulira mwana mulu wa mapepala a mayeso akale ndi kumuuza kuti aziyeserera. Mapepalawo ndi abwino, koma mwana amene sakudziwa pamene akulakwitsa amangobwereza cholakwa chomwecho pa pepala lililonse, mpaka chizolowezicho chimakhwima. Makaniko wa ku Ndirande sayamba kumasula injini asanaimvetsere kaye kulira kwake. Nafenso tiyambe ndi kumvetsera.

Kuyeza kaye

Tengani nkhani imodzi ya Chingerezi imene mwana sanaionepo, yotalika ngati theka la tsamba. Ikhoza kuchokera m'pepala la mayeso akale kapena mu nyuzipepala. Khalani naye pansi, foni ikhale kutali. Muuzeni awerenge mokweza ndime ziwiri zoyamba. Akamaliza, tembenuzani pepalalo ndipo mumufunse m'Chichewa kuti, "Tandiuza, akuti chiyani apa?" Asakuyankheni m'Chingerezi, chifukwa m'Chingerezi mwana amatha kubwereza ziganizo zimene wangoziona osazimva, inu n'kumaganiza kuti zalowa. M'Chichewa mulibe pobisala. Pomaliza mupatseni mafunso atatu kapena anayi alembe, inu muzingoyang'ana kumene maso ndi chala chake zikupita.

Kholo limene Chingerezi chimalivuta lisaone ngati izi si zake. Ngakhale musanamve zimene zili pa pepalapo, mudzadziwa ngati zimene mwana akukufotokozerani zili ndi mutu ndi mchira, kapena ngati akungotchula mawu apa ndi apo. Zotsalazo mkulu wake kapena mnansi wa Fomu 4 akhoza kuthandiza.

Zimene muone pa mphindi zimenezi zikuuzani kuti mwana wanu ali m'gulu liti mwa awa.

Akudodoma powerenga

Ngati akuima pafupifupi pa mzere uliwonse, akugawa mawu m'maphatikizo, akudumpha mizere kapena akudutsa pa mpumiro ngati palibe, vuto lake si la mayeso ayi. Mphamvu zake zonse zikuthera pa kutchula mawu, ndiye akamafika kumapeto kwa chiganizo amakhala ataiwala poyambira. Izi zimapezeka kwambiri mwa ana a Sitandade 8, koma musadabwe kuzipeza ku Fomu 2 ngakhale ku Fomu 4. Ana athu ambiri amayamba sukulu akuphunzira m'Chichewa, kenako akafika Sitandade 5 pafupifupi zonse zimasanduka za Chingerezi, ndipo m'kalasi ya ana oposa 100, mwana amene watsalira pa nthawi imeneyo amangokwera naye makalasi osaonedwa.

Wotereyu muchotsereni kaye mapepala a mayeso. Mupezereni buku losavuta, ngakhale la makalasi awiri m'mbuyo, ndipo aziwerenga mokweza ndime imodzi yomweyo katatu tsiku lililonse mpaka izituluka ngati akulankhula. Mawa ndime ina. Musamuseke, ndipo azing'ono ake asakhale pafupi.

Chinthu china chimene chimaiwalika ndi maso. Mwana amene amayandikizitsa pepala kumphuno, amatsinzina diso limodzi, kapena amadandaula mutu akangowerenga pang'ono, mupititseni akamuyeze. Kuchipatala cha Queen Elizabeth kuli mbali yoona za maso.

Akuwerenga bwino koma sangafotokoze

Uyu amawerenga mosadodoma, mawu akutuluka bwino mpaka inu kunyadira, koma mukatembenuza pepala amangoti, "Akunena za mvula." Mukafunsa kuti mvula yatani, amayang'ana kudenga.

Kawirikawiri apa pamakhala pa mawu. Akatswiri ofufuza za kuwerenga chiyankhulo chachiwiri anapeza kuti munthu amafunika kudziwa mawu 95 mpaka 98 pa mawu 100 aliwonse kuti amve nkhani payekha. Muuzeni mwana adule mzere pansi pa mawu onse amene sakuwadziwa pa ndime imodzi. Ngati pa mzere uliwonse pali mawu odulidwa, nkhaniyo yamukulira, ndipo palibe njira yoyankhira mafunso imene ingamupulumutse. Ayambire pa nkhani zosavuta n'kumakwera.

Koma pali chinthu chimene ndimafuna makolo ndi aphunzitsi anzanga achionetsetse. Mawu amene amagwetsa ana si aataliatali aja amene amawalemba m'kope kuti aloweze. Ndi timawu tating'onoting'ono timene mwana sangadule mzere pansi pake chifukwa amaganiza kuti amatidziwa: although, however, unless, despite, whereas, hardly, yet. Timawu timeneti ndi timene timatembenuza chiganizo. "He hardly worked" ndi "he worked hard" zikuoneka zofanana m'maso mwa mwana, pomwe woyambayo ndi waulesi ndipo wachiwiriyo ndi wolimbikira. "Unless it rains" mwana amamva ngati "mvula ikagwa", pomwe akunena kuti "pokhapokha mvula itagwa". Mufunseni mwana wanu wa Fomu 4 lero kuti despite ndi chiyani m'Chichewa. Akakayika, mwapeza pamene malikisi akutayikira.

Kukonza kwake sikuvuta. Atsegule tsamba lapadera kumapeto kwa kope, alembe timawu timeneti, kalikonse ndi tanthauzo lake m'Chichewa ndi chiganizo chimodzi chopanga yekha chonena za moyo wake: za minibasi ya ku Bangwe, za madzi a pa kiyosiki, za mpira. Chiganizo chokopera mu dikishonale sichikhala m'mutu. Ndipo powerenga nkhani iliyonse, akakumana ndi kamodzi mwa timawuti, azikazunguliza ndi pensulo n'kudzifunsa kuti nkhani yakhotera kuti.

Akusaka mawu n'kukopera

Apa ndiye pali ana ambiri, ndipo ndi pamene ndikhalitsepo. Chizindikiro chake muchiona pa chala. Mwana amawerenga funso, n'kutola mawu amodzi kapena awiri, kenako chala chimathamanga m'nkhani kusaka pamene mawu omwewo ali. Akawapeza, amakopera chiganizo chonsecho. Sanaiwerenge nkhaniyo, waisaka.

Tiyeni tione ndi kankhani aka kamene ndakonza:

"Although the council had warned the residents several times, few of them agreed to leave the hillside. Most had nowhere else to go. Those who left came back as soon as the rains stopped, for they feared that thieves would strip their houses."

Funso likuti: "Why did most residents remain on the hillside?" Mwana wosaka uja aona residents ndi hillside m'chiganizo choyamba, ndiye alemba kuti, "Although the council had warned the residents several times." Mtanda. Yankho lili m'chiganizo chachiwiri, chachifupi chija, chimene mulibe residents kapena hillside: analibe kwina kopita. Olemba mayeso amachita dala zimenezi, chifukwa chimene akuyesa ndi kumva, osati kuona.

Funso lachiwiri: "Why did those who left come back?" Ana ambiri amalemba kuti chifukwa mvula inasiya. Koma kusiya kwa mvula kukutiuza nthawi imene anabwerera, osati chifukwa chake. Chifukwa chili kuseri kwa kamawu kakuti for, kamene apa kakutanthauza "poti": ankaopa kuti akuba awasasulira nyumba. Mwana amene amadziwa for wa "for you" yekha sangachione.

Onaninso few. Mwana akafotokoza m'Chichewa kuti "anthu angapo anavomera kuchoka", wamva theka. "A few" ndiye angapo. "Few" yekha akutsindika kuti ndi ochepa kwambiri, ambiri anakana. Ndipo mukamufunsa kuti those akuimira ndani, kapena they wa kumapetoyo ndi ndani, mudzadabwa kumva ena akuti ndi akhonsolo, ena akuti ndi akuba. M'Chichewa mgwirizano wa mawu umatithandiza kudziwa amene akunenedwa: "chinagwa" ndi "unagwa" zimatiuza zokha kuti ndi chimanga kapena mtengo. M'Chingerezi it ndi they zimaimira chilichonse, ndiye mwana ayenera kubwerera m'mbuyo kukafufuza mwini wake. Muzolowetseni kujambula kamuvi kuchokera pa it, they, this kapena those kupita pa dzina limene akuimira.

Chizolowezi chosakachi sichichoka ndi kulalatira, chifukwa chinamuthandizapo. M'makalasi a m'munsi mafunso ambiri amayankhika motero, ndipo mwana anakhozapo nacho. Chimene chimachichotsa ndi zinthu zitatu zochitidwa mobwerezabwereza. Choyamba, akamaliza ndime iliyonse aime, alembe m'mphepete ndi pensulo mawu anayi kapena asanu onena zimene ndimeyo yanena. Poyeserera kunyumba alembe m'Chichewa momwe: "anawachenjeza, anakana, kosowa kopita". Chachiwiri, akawerenga funso aphimbe nkhaniyo ndi dzanja, ayankhe kaye pakamwa, kenako atsegule kuti atsimikize. Chachitatu n'chanu inu amene mukumuthandiza: pa yankho lililonse, lokhoza kapena lolakwa, muzimufunsa kuti, "Tandilozera pamene wazipeza." Akaloza, mufunsenso, "Chiganizo chimenechi chikuyankha bwanji funsoli?" Masiku oyamba amakwiya nazo, amaona ngati mukumuchedwetsa. Pitirizani.

Pali malangizo otchuka akuti mwana aziyamba kuwerenga mafunso asanawerenge nkhani. Kwa mwana amene amamva kale bwino, palibe vuto. Kwa wosaka uyu ndimakana, chifukwa kumeneko n'kumupatsa mawu oti akasake. Ayambe ndi nkhani yonse kamodzi osaima, kenako mafunso, kenako abwerere ku nkhani ndi pensulo.

Akuyankha za m'mutu mwake

Uyu ndi wosiyana ndi wosaka uja, ndipo nthawi zambiri amakhala mwana wanzeru, wodziwa zinthu. Kankhani ka pamwambapa mukapatsa mwana wa ku Chilobwe kapena ku Manje amene anaona ndi maso ake zimene namondwe Freddy anachita m'mwezi wa Marichi 2023, akhoza kulemba kuti anthu anakana kuchoka chifukwa lendi m'tauni ndi yodula. Zikhoza kukhala zoona, ndipo mwina iye akuzidziwa kuposa wolemba nkhaniyo. Koma nkhani sinanene za lendi, ndiye wochonga sangamupatse kanthu. Musamuuze kuti wanama. Muuzeni kuti funso likati "according to the passage", mboni ndi pepala lokha, ndipo zimene iye akudziwa azisungire chimangirizo. Kulozetsa chala kuja kumamuchiza msanga.

Akumva nkhani koma sakumva funso

Mwana wina amakufotokozerani nkhani yonse bwinobwino m'Chichewa, koma malikisi osaoneka. Yang'anani mafunso amene walakwa. Funso lati "give two reasons", iye wapereka chimodzi, kapena wapereka chimodzi chomwecho kawiri m'mawu osiyana. Funso lati "explain", iye watchula chabe osafotokoza. Lati "in your own words", iye wakopera. Lati apeze mawu amodzi m'ndime yachitatu, iye walemba chiganizo chonse. Asanayankhe azidula mzere pansi pa mawu olamula ndi pa nambala, ndipo aziyang'ana malikisi amene ali kumapeto kwa funso. Funso la malikisi awiri silifuna ndime yonse, komanso kawirikawiri silikhutira ndi mawu amodzi.

Mafunso a tanthauzo la mawu ali ndi msampha wawo. Amafunsa tanthauzo monga mmene mawuwo agwirira ntchito m'nkhaniyo. Mwana amene analoweza kuti strip ndi kuvula zovala alemba zomwezo, pomwe m'kankhani kathu akunena za kuchotsa malata, zitseko ndi katundu. Njira yodziyesera ndi iyi: achotse mawu afunsidwawo, aikepo yankho lake, awerenge chiganizocho. Chikamveka, wakhoza. Chikapanda kumveka, aganizenso.

Pa mafunso osankha pakati pa A, B, C ndi D, yankho limene lili ndi mawu ofanana ndendende ndi a m'nkhani alikayikire kaye, chifukwa nthawi zambiri limaikidwa kuti likole osaka aja. Asamalenso ndi funso limene lili ndi not kapena except.

Nthawi ikumuthera

Ngati mafunso oyamba akukhoza koma omaliza ali osalemba, funsani kuti nthawi inapita kuti. Ena amaima mphindi zisanu pa mawu amodzi achilendo. Ena amawerenga nkhani kanayi chifukwa cha mantha. Mawu achilendo awadumphe, apitirire, chifukwa ziganizo zotsatira nthawi zambiri zimaulula tanthauzo. Funso lovuta aliike kachizindikiro n'kudzalibwerera. Koma wotchi ibwere pomaliza. Kumuikira nthawi mwana amene sanasiye kusaka mawu kumangomuphunzitsa kusaka mothamanga. Akayamba kukhoza popanda wotchi, ndiye muziyeserera ndi nthawi yeniyeni yolembedwa pa pepala la mayesolo, atakhala pa tebulo, popanda womulankhulitsa.

Za pepala la Chichewa

Ana a m'tauni muno amalipeputsa, amati Chichewa n'chathu. Kenako amakumana ndi nkhani yodzaza miyambi, zining'a ndi mawu a kumunda, a kudambwe kapena a pamaliro amene sanawamvepo ku Chirimba kapena ku Zingwangwa. Chichewa cha pamsika wa Limbe n'chokoma, koma si chimene chili pa pepala lija. Enanso kunyumba amalankhula Chiyao, Chilomwe kapena Chisena. Zonse zimene tanena pamwambapa zimagwiranso ntchito pa kumvetsa nkhani ndi chifupikitso cha Chichewa. Awerenge masamba a Chichewa a m'nyuzipepala, monga Tamvani wa mu Weekend Nation ndi Tikambe wa mu Malawi News, ndipo mawu amene amuvuta akafunse agogo kapena azakhali. Iwo ndi amene angamuuze kuti mwambi wakutiwakuti umanenedwa pakachitika zotani.

Mwachita zonsezi koma malikisi sakusuntha

Choyamba onani ngati mwana amabwereranso ku mafunso amene walakwa. Ambiri akalandira pepala amangoona malikisi n'kulipinda. Pa funso lililonse lolakwa alembe chifukwa chake m'mawu ochepa: "ndinakopera", "sindinadziwe unless", "ndinapereka chimodzi m'malo mwa ziwiri", "za m'mutu mwanga". Pakatha mapepala anayi kapena asanu, chifukwa chimodzi chidzakhala chikubwerabwera. Chimenecho ndicho mulimbane nacho, zinazo zidikire. Nkhani imodzi yosanthulidwa motere pa sabata imaposa nkhani khumi zongoyankha n'kutaya.

Chachiwiri, funsani moona mtima kuti kupatula manotsi, mwanayu amawerenga chiyani. Manotsi ndi ziganizo zodukaduka zoti aloweze, saphunzitsa kutsata nkhani yaitali. Mauthenga a pa WhatsApp nawonso ndi afupiafupi. Mwana amene sanawerengepo tsamba lathunthu mwa kufuna kwake, tsiku la mayeso amatopa ali pakati pa nkhani. Zowerenga sizisowa mu Blantyre muno ngakhale ndalama zili zovuta. National Library Service ili ndi nthambi mumzinda muno. Mabuku akale amagulitsidwa m'misika ndi m'mphepete mwa misewu ya ku Limbe ndi m'tauni. Nyuzipepala ya dzulo ya The Nation kapena The Daily Times imene bambo abwera nayo kuchokera kuntchito ndi yokwanira. Asankhe yekha chimene chimamukoka, kaya ndi nkhani ya Bullets ndi Wanderers, kaya ya kukhoti, awerenge mphindi 20, kenako pa nthawi ya chakudya chamadzulo akufotokozereni m'Chichewa zimene wawerenga, inu muzimufunsa kuti "chifukwa chiyani?" ndi "kenako zinatani?" Kumene magetsi amavuta, nthawi yabwino ndi masana akangoweruka, kusanade.

Ngati mayeso atsala milungu yochepa, musayambe zonsezi nthawi imodzi. Mawu ambiri atsopano sangalowe m'milungu itatu, koma timawu tolumikiza tija, kamuvi ka it ndi they, kudula mzere pansi pa mawu olamula, ndi kuloza pamene yankho lachokera, zimenezi mwana akhoza kuzigwira msanga. Amene ali Fomu 3 kapena Sitandade 7 ndiye ali ndi mpata wa kuwerenga kwa tsiku ndi tsiku kuja, ndipo ayambe teremu ino.